NJINGA ZAKALE ZA MPIKISANO ZIUKITSIDWA KU ITALY

CA kuciyambi kwa mwezi wa October caka ciri conse, mudzi waung'ono wochedwa Gaiole in Chianti, m'cigawo ca Tuscany m'dziko la Italy, umadzuka tambala asanalire. Amuna ndi akazi zikwizikwi, ena a imvi ndi ena acinyamata, amasonkhana pabwalo la pakati pa mudziwo, ali yense atagwira njinga yake. Oyamba amanyamuka kusanace, nyali zikuwala kutsogolo kwao, ndipo ena mwa iwo amabwerera dzuwa litalowa kale, atapalasa mtunda wopitirira makilomita 200. Mtunda umenewu uposa ulendo wocokera ku Chipata kufika ku Petauke, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo imadzera m'miseu ya miyala ndi fumbi loyera, yokwera ndi kutsika mapiri.

Cimene cimadabwitsa mlendo ndi cakuti pakati pa njinga zonsezo saona za makono. Lamulo la mwambowu likuti njinga ikhale ya mpikisano yopangidwa m'caka ca 1987 kapena m'mbuyo mwake, kapena ngati iri yatsopano, ikhale ya citsulo yopangidwa motsata kapangidwe kakale. Tizitsulo tosinthira magiya tikhale pa paipi ya felemu, mawaya a mabuleki aonekere pamwamba pa mahandulo, ndipo mapedulo akhale akale aja ogwira phazi ndi kalamba ka cikopa.

Mwambo umenewu dzina lake ndi L'Eroica, ndiko kunena kuti ulendo wa ngwazi. Anauyambitsa ndi Bambo Giancarlo Brocci m'caka ca 1997, ndipo pa tsiku loyambalo panafika opalasa 92 cabe. Colinga cao cinali kukumbutsa anthu za mipikisano ya makolo ao, ndiponso kuteteza miseu yoyera ya kwaoko kuti isathiridwe phula. Palibe mphotho ya wofika poyamba. Ulemu umapita kwa ali yense amene wamaliza ulendo, ndiponso kwa njinga imene yamunyamula.

Zambiri mwa njinga zimenezi zinali zitatayidwa kale. Zina zinapezeka m'nyumba zosungiramo katundu, zina m'makola, zina pa milu ya zitsulo zoyembekeza kukasungunulidwa. Kuti ziyendenso, panafunika anthu odekha amene anazitola, kuzitsuka ndi kuzibwezera moyo.

MMENE ZINATAYIDWIRA

Kwa zaka pafupifupi 100, njinga zambiri za mpikisano zinali kupangidwa ndi citsulo. Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980. Mu 1984 kampani ya Look ya ku France inatulutsa mapedulo ogwira nsapato popanda lamba. Mu 1986 Greg LeMond wa ku America anapambana mpikisano waukulu wa Tour de France atakwera njinga ya mapaipi a kaboni, amene ndi ulusi wolimba womatidwa ndi ulimbo wa m'fakitale. Mu 1990 kampani ya Shimano ya ku Japan inasamutsa zosinthira magiya kuziika pa zogwirira mabuleki, kuti wopalasa asacotsenso dzanja pa mahandulo. Miguel Indurain wa ku Spain, amene anapambana Tour de France kasanu motsatizana kuyambira 1991 kufikira 1995, ndiye amawerengedwa kukhala womaliza kupambana mpikisanowo pa njinga ya citsulo.

Kuyambira pamenepo acinyamata anali kufuna njinga za aluminiyamu ndi za kaboni, pakuti zinali zopepuka. Njinga ya citsulo inasanduka cinthu ca manyazi. Masitolo anali kuzigulitsa pa mtengo wotaya, ndipo amisiri ambiri amene anali kupanga mafelemu ndi manja anatseka zitseko zao. Ngakhale fakitale yaikulu ya Raleigh mumzinda wa Nottingham ku England, imene njinga zake zinafika m'midzi yambiri ya muno mu Africa, inaleka kupanga njinga mumzindamo m'caka ca 2002.

Koma patapita zaka, anthu anayamba kuona cimene anataya. Felemu ya kaboni ikang'aluka imafuna katswiri ndi zipangizo zapadera, ndipo nthawi zambiri mwini wake amangoitaya. Felemu ya citsulo ikapindika pang'ono imaongoledwa, ndipo paipi imodzi ikaonongeka mmisiri amaitenthetsa, kuizula ndi kuikapo ina. Citsulo cimacenjezanso mwini wake: cimayamba ndi mng'alu waung'ono umene umakula pang'onopang'ono, sicithyoka mwadzidzidzi monga mbale ya dothi.

KAPANGIDWE KAKE

Munthu wozolowera njinga ya kumudzi, yonyamula matumba a cimanga, angadabwe atanyamula njinga ya mpikisano ya m'zaka za m'ma 1970. Imalemera makilogalamu pafupifupi 10, ndiko kuti theka la kulemera kwa njinga yakuda ya kaliyala. Cinsinsi cake ciri m'mapaipi.

M'caka ca 1897 Bambo Alfred Reynolds a mumzinda wa Birmingham ku England anatulukira njira yopangira paipi yocindikala kumapeto koma yopyapyala pakati. Nzeru yake ifanana ndi ya nsungwi, imene iri yolimba pa mfundo koma yopepuka pakati pa mfundozo. Kumapeto ndiko kumalandira moto pomata ndiponso kulemera konse kwa wopalasa, motero kumafuna mnofu wambiri. Mu 1935 kampani yao inatulutsa mapaipi ochedwa Reynolds 531, amene anakhala ochuka kwa zaka zoposa 50. Ku Italy kampani ya Columbus ya mumzinda wa Milan inali kupanga mapaipi a mtundu womwewo. Paipi yao yochedwa SL inali yocindikala milimita 0.9 kumapeto ndi milimita 0.6 pakati. Kupyapyala kumeneku ndiko kumapangitsa njinga kukhala yopepuka, ndiponso ndiko kumapangitsa dzimbiri kukhala mdani woopsa, pakuti silicedwa kuboola.

Mapaipiwo sanali kuwocherera monga amacitira pa cipata kapena pa ngolo. Mmisiri anali kulowetsa mapeto a mapaipi m'mfundo za citsulo zosemedwa bwino, kenaka ndi kusungunulira mkuwa wacikasu kapena siliva m'mpata wa pakati, kuti zigwirane. Moto ukaculuka paipi imafooka, ukacepa mkuwa sulowa ponse. Pambuyo pake anali kupala mfundo iri yonse ndi tupa kwa maola ambiri. Ndi cifukwa cake odziwa njinga amayamba kupenya pa mfundo, pakuti pamenepo ndi pamene pamaonekera dzanja la mmisiri.

Zipangizo zina monga magiya, mabuleki ndi mahabu zinali kucokera ku makampani ena. Yochuka kopambana inali ya Bambo Tullio Campagnolo, imene inayamba mu 1933 mumzinda wa Vicenza. Iwo anali wopalasa pa mipikisano, ndipo nkhani imasimbidwa kuti tsiku lina pa phiri la Croce d'Aune zala zao zinauma ndi cisanu kotero kuti analephera kumasula manati a gudumu. Atabwerera kwao anapanga kacitsulo komasulira gudumu ndi dzanja popanda sipanala, kamene kanafalikira pa njinga za mpikisano pa dziko lonse.

AMUNA AMENE ANAZIKWERA

Wosonkhanitsa njinga zakale sagula citsulo cokha. Amagulanso mbiri ya anthu amene anakwera njinga za mtundu umenewo.

Njinga za Bianchi, kampani imene Bambo Edoardo Bianchi anayambitsa ku Milan mu 1885, zimadziwika ndi utoto wao wobiriwira motuwa ngati thambo la m'mawa. Zimafunidwa kwambiri cifukwa ca Fausto Coppi, amene anapambana mpikisano wa Giro d'Italia kasanu ndi Tour de France kawiri, mu 1949 ndi mu 1952, ndipo zaka zake zambiri za ulemerero anali pa njinga ya Bianchi. Imfa yake inacokera muno mu Africa. Mu December 1959 anapita ku Upper Volta, dziko limene tsopano lichedwa Burkina Faso, kukacita mpikisano ndi kusaka nyama, ndipo kumeneko udzudzu unamuluma. Atabwerera kwao matendawo sanazindikirike msanga kuti ndi malungo, ndipo anamwalira pa 2 January 1960 ali ndi zaka 40. Mnzake wa ku France, Raphaël Géminiani, amene anadwala pa ulendo womwewo, anapatsidwa kwinini nacira.

Wopikisana naye wamkulu anali Gino Bartali, amene anapambana Tour de France mu 1938 ndiponso mu 1948. Pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, mu 1943 ndi 1944, Bartali anali kupalasa pakati pa mizinda ya Florence ndi Assisi ngati munthu amene akungolimbitsa thupi. Koma m'kati mwa mapaipi a njinga yake anali kubisamo zithunzi ndi zitupa zothandiza Ayuda kuthawa imfa. Asilikali anali kumudziwa monga ngwazi ya dziko, motero anali kumulola kupita. Iye sanakonde kukamba za nchito imeneyi pamene anali moyo. Anamwalira mu 2000, ndipo mu 2013 dziko la Israel linamulemekeza cifukwa ca anthu amene anapulumutsa.

Wacitatu ndi Eddy Merckx wa ku Belgium. Pa 25 October 1972, mumzinda wa Mexico City, anapalasa makilomita 49.431 pa ola limodzi. Njinga yake anaipanga ndi mmisiri Ernesto Colnago, ndipo sinafike makilogalamu 6, pakuti anaboola timabowo pa zipangizo zambiri kuti acepetse kulemera.

Nayo kampani ya Raleigh, imene dzina lake limadziwika m'midzi ya kuno, inali ndi njinga za mpikisano. Zinali kupangidwa ndi amisiri owerengeka m'nyumba yapadera ku Ilkeston, ndipo pa imodzi ya izo Joop Zoetemelk wa ku Netherlands anapambana Tour de France mu 1980.

KUZINDIKIRA NJINGA YENIYENI

Nchito ya wosonkhanitsa imayamba ndi maso. Akapeza njinga pa msika wa zinthu zakale kapena kwa mai wamasiye amene afuna kucotsa katundu wa malemu mwamuna wao, safulumira kukhulupirira dzina lolembedwa pa paipi. Dzina ndi pepala lomata cabe, ndipo pali anthu acinyengo amene amatenga felemu wamba, kuipaka utoto wonyezimira ndi kumatapo dzina lochuka. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Motero amaitembenuza njinga nayang'ana pansi pa felemu, pamene pamazungulira ekiselo ya mapedulo. Kawirikawiri pamenepo pamakhala nambala yodindidwa. Amisiri ena anali kusemanso cizindikiro cao m'citsulo momwe: Colnago anali kusema kaduwa ka masamba atatu konga ka pa makhadi a njuga, ndipo De Rosa anali kusema mtima. Zipangizo za Campagnolo zimathandizanso kudziwa msinkhu wa njinga, pakuti pa zosinthira magiya zambiri za m'zaka za m'ma 1970 panadindidwa caka cimene zinapangidwa. Ngakhale kukula kwa paipi ya cishalo kumaulula kanthu. Mapaipi abwino opyapyala kawirikawiri amalandira citsulo ca cishalo ca mamilimita 27.2, pamene mapaipi ocindikala a njinga wamba amalandira cocepererapo.

Atadziwa mtundu wake, amafufuza ngati felemu iri yamoyo. Amayendetsa cala pansi pa mapaipi awiri a kutsogolo, pafupi ndi khosi la njinga. Akamva kakhwinya kapena kotupa, ndiye kuti njingayo inagunda cinthu mwamphamvu, ndipo kawirikawiri foloko imakhalanso itabwerera m'mbuyo. Kenaka amatenga cingwe, namanga pa malo omangirapo gudumu la kumbuyo, kucizunguliza pa khosi la njinga ndi kucibweza ku mbali inayo. Akayesa mpata wa pakati pa cingwe ndi paipi ya cishalo, mbali zonse ziwiri ziyenera kulingana. Zikasiyana, felemu ndi yokhota, ndipo njinga yotere imakokera mbali imodzi ndi kudya matayala. Njira imeneyi sifuna makina, ndipo munthu ali yense angaiyese pa njinga yake pakhomo.

Pomaliza amagwedeza felemu pafupi ndi khutu. Akamva tizidutswa tikulira m'kati ngati mcenga, amadziwa kuti dzimbiri layamba kudya kucokera m'kati, kumene maso safika.

KUIBWEZERA MOYO

Wokonza wanzeru asanamasule nati ngakhale imodzi amajambula zithunzi, kuti adzakumbukire mmene zonse zinakhalira. Amatsuka njinga ndi madzi ndi sopo, ndipo nthawi zambiri pansi pa litsiro la zaka 40 pamatuluka utoto wabwino. Kenaka amamasula cipangizo cimodzicimodzi, kucinyika m'palafini kuti girizi wakale wouma asungunuke, ndi kuciika m'kacitini kakekake.

Pomasula m'pamene njinga zambiri zimafera m'manja mwa anthu aphuma. Ali yense wokonza njinga adziwa kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mobwerera. Koma pa makapu ogwira ekiselo ya mapedulo maiko anasiyana. Pa njinga ya ku England kapu ya ku mbali ya cheni imamasuka mobwerera, pamene pa njinga ya ku Italy makapu onse awiri amamasuka monga nati wamba. A ku France nao anali ndi muyeso wao. Munthu amene sadziwa zimenezi amakanikiza sipanala kumbali yolakwa, poganiza kuti ndi dzimbiri lagwira, kufikira ataononga timizere tomangira m'kati mwa felemu.

Bvuto lina lalikulu ndi citsulo ca cishalo. Pa njinga za mpikisano cimakhala ca aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ikakhala zaka zambiri m'paipi ya citsulo popanda girizi, cinyezi cimazigwirizanitsa ngati cinthu cimodzi. Womenya ndi hamala amang'amba paipi. Wodziwa amathira mafuta olowerera m'mawa ndi madzulo kwa masiku ambiri, nayesa kupotoza pang'onopang'ono. Zikakanika amadula pamwamba, ndi kuceka cotsalaco m'litali kucokera m'kati ndi kampeni ka sowo, mosamala kuti asakhudze felemu. Nchito imeneyi yokha ingatenge mlungu wathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzimbiri la pamwamba limacoka ponyika zitsulo m'viniga kapena m'mankhwala ofatsa, ndipo pa malo onyezimira ngati kalirole amapukuta ndi kapepala ka aluminiyamu konyowa, kamene sikakanda. M'kati mwa mapaipi amathiramo mafuta oteteza ndi kuitembenuzatembenuza felemu kuti afike ponse.

Pomanganso, timipira ta citsulo ta m'mahabu, m'khosi ndi pa ekiselo ya mapedulo amaikamo tatsopano, pakuti n'tochipa ndipo takale timakhala titadyeka. Pa njinga zambiri habu ya kumbuyo imalandira timipira 9 mbali iri yonse, ndipo pa ekiselo ya mapedulo pamalowa 11 mbali iri yonse. Amamanga kufikira gudumu lizungulira momasuka koma losagwedera. Masipoko amakungidwa limodzilimodzi, pang'onopang'ono, kufikira limu italeka kuyenda njokanjoka. Matayala a mpikisano akale ndi osokedwa ndi cubu m'kati mwake, ndipo amamatidwa pa limu ndi ulimbo, umene uyenera kuuma bwino munthu asanakwere. Mphira za mabuleki ndi mawaya amasintha popanda kukambirana, pakuti mphira yakale imauma ngati mtengo ndipo siimitsa njinga pa mtsetse.

Cishalo ca cikopa, monga ca kampani ya Brooks ya ku England, cimapakidwa mafuta ake pang'ono ndi kukungidwa mosapitiriza. Mahandulo amakulungidwa ndi nsalu ya thonje monga kale.

MKANGANO WA UTOTO

Pali nkhani imodzi imene imagawanitsa osonkhanitsa. Ena amafuna kuti njinga ioneke monga tsiku limene inatuluka m'sitolo, motero amapala utoto wonse, kupaka watsopano ndi kumata maina atsopano. Ena amakana. Iwo amati utoto woyamba ukacoka sungabwerenso, ndipo zipsera za pa felemu ndizo umboni wa maulendo amene njingayo inayenda. Kwa iwo kupala utoto woyamba kuli ngati kufafaniza maina pa manda a makolo pofuna kuti mwala uwale.

Pa msika, njinga yosowa imene iri ndi utoto wake woyamba wosaonongeka kwambiri kawirikawiri imagulidwa pa mtengo woposa yopakidwanso, cifukwa wogula amaona ndi maso ake kuti palibe mng'alu kapena cigamba cobisika. Njinga ya mmisiri wochuka ingagulidwe pa mtengo wa ng'ombe zingapo. Komabe onse amabvomerezana pa mfundo imodzi: ngati dzimbiri lafika poopseza citsulo, kupulumutsa felemu kumayamba, kukongola kumatsata pambuyo.

Njinga zimene zinakwerapo ngwazi zenizeni zambiri siziri pa msika. Pa phiri la pamwamba pa nyanja ya Como pali kachalichi ka Madonna del Ghisallo, amene Papa Pius XII anamulengeza kukhala nkhoswe ya opalasa njinga mu 1949. M'zipupa zake mwapacikidwa njinga za Coppi, Bartali ndi Merckx, ndipo pafupi pake panatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ya njinga mu 2006. Koma anthu a ku Gaiole amakhulupirira kuti njinga yopacikidwa pa khoma yangotsala pang'ono kufa. Mmodzi wa opalasa ochuka pa mwambowu anali Bambo Luciano Berruti, mkulu wa ndebvu za pamlomo zoyera, amene anali kubvala nambala 1 pa L'Eroica ndi kukwera mapiri pa njinga ya zaka zoposa 100. Anamwalira mu 2017 ali pa njinga.

Khama la anthu amenewa linabala zipatso. Mu 2007 panayambika mpikisano wa akatswiri pa miseu yoyera yomweyo, umene tsopano uchedwa Strade Bianche ndipo umathera mumzinda wa Siena. Miseu imene inali kuoneka ngati cizindikiro ca umphawi inasanduka cuma ca cigawoco, pakuti alendo amadza kudzagona, kudya ndi kugula m'midzi yake. Mwambo wa L'Eroica unafalikiranso ku maiko ena monga Japan ndi America, ndipo mu 2016 unafika ku Montagu m'dziko la South Africa.

PHUNZIRO KWA ENI NJINGA KUNO

Njinga za mpikisano za mtundu umenewu n'zosowa m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa, ndipo munthu asaganize kuti njinga iri yonse yakale idzamulemeretsa. Koma citsulo n'cimodzi, ndipo adani ake ndi amodzimodzi. Amuna ambiri amene anapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Copperbelt, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni anabwerera ndi njinga za Humber, Raleigh, Phillips kapena Hercules, zomangidwa ndi mfundo ndi mkuwa monga zija za ku Italy, kungoti mapaipi ake ndi ocindikala. Pambuyo pake kunadza njinga za Eagle zocokera ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata. Zambiri mwa njinga zimenezi ziri gone kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, cifukwa ca gudumu lopindika kapena ekiselo yodyeka, pamene felemu ikali yolimba.

Ogula zitsulo zakale akafika pamudzi amayesa felemu yotere pa sikelo, napereka ndalama zosakwana ngakhale thayala limodzi. Felemuyo ikapita kukasungunulidwa, banja lomwelo limayamba kusunga ndalama za nyengo yonse ya nshawa kapena thonje kuti ligule njinga yatsopano, imene mwina sidzakhala zaka zimene inakhala yakaleyo. Pakali pano wodwala afunika kupita ku cipatala, mwana afunika kufika ku sukulu, ndipo cimanga cifunika kupita ku cigayo.

Zimene amacita okonza a ku Italy sizifuna cuma cambiri. Njinga igone m'nyumba kapena pakhonde, osati pa mvula ndi mame. Kamodzi pa caka, dzinja likatha, mahabu, khosi ndi ekiselo ya mapedulo zimasulidwe, zitsukidwe ndi palafini ndi kuikidwa girizi watsopano. Citsulo ca cishalo cizulidwe ndi kupakidwa girizi kuti cisagwirane ndi felemu. Cheni ipukutidwe isanathiridwe mafuta, pakuti mafuta osakanizika ndi mcenga amadya mano a magiya ngati tupa. Sipoko imodzi ikaduka ibwezeredwe msanga, anzake asanatsatire. Mng'alu ukaoneka pa mfundo kapena pa foloko, njinga isakweredwe kufikira mmisiri wodziwa kumata ndi mkuwa ataiona.

Cinanso ndi luso lenilenilo. Ku Ulaya amisiri ambiri okalamba anamwalira ndi nzeru zao pa zaka zija pamene citsulo cinali kunyozedwa, ndipo acinyamata amene anadzuka pambuyo pake anabvutika kufunafuna wowaphunzitsa. Kuno amisiri otere akalipo. Amapezeka pansi pa mitengo ya mango pa misika ya ku Katete, Petauke, Lundazi ndi Chadiza, akukunga masipoko ndi kuongola mafoloko ndi zipangizo zowerengeka. Mnyamata amene akhala pambali pa mkulu wotere kwa caka cimodzi amatola nchito yomudyetsa moyo wake wonse.

Ku Gaiole, madzulo a tsiku la L'Eroica, opalasa amafika mmodzimmodzi atayera ndi fumbi kumaso, nalandira mbale ya msuzi wa nyemba ndi ndiwo zamasamba. Ena amakhala atakwera njinga zimene atate ao anagula iwo asanabadwe. Akapumula amatenga kansanza, napukuta fumbi pa felemu, kuthira kadontho ka mafuta pa cheni, ndi kuilowetsa njinga m'nyumba usiku usanagwe.